Msika Umene Tinaumanga Ngati Chigafa

Chaka chimene ndinali Fomu 2 ndinali ndi kope lachikuto chofiira limene ndinkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi athu a Chichewa ndiwo anatiyambitsa. Anati munthu wofuna kudziwa kulemba azilemba tsiku lililonse, ngakhale zitakhala za nkhuku ya pakhomo. Anzanga analeka sabata ziwiri zisanathe, ine ndinapitiriza. Kopelo ndikadali nalo, ndipo zambiri zimene ndikufotokoza pano ndazitenga mmenemo. Zina ndangozikumbukira.

Tinkakhala pakamsika kena m'mbali mwa msewu wafumbi wochokera kuboma la Kasungu kupita kupaki ya nyama zakutchire. Panali magolosale anayi, chigayo, shopu ya atelala, pokonzera njinga, ndi tiyirumu ya amayi anga. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho pakhomo tinalipo awiri. Tinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa tiyirumuyo. Sekondale yathu yoyendera inali pafupi, moti belu loyamba likalira ndili pakhomo, lachiwiri linkandipeza ndili pamzere ndi anzanga.

Chimene chinkadzutsa malo athu inali depoti yogulitsira feteleza wa makuponi. Nyengo yake ikafika, anthu ankabwera kuchokera m'midzi yonse yozungulira, ena pangolo, ena panjinga, ena wapansi, n'kufola pamzere wautali wokakhotera kuchigayo. Munthu wa pamzere sachoka, amaopa kulandidwa malo, ndiye ife tinkawatsatira komweko ndi ketulo, makapu m'beseni ndi dengu la masikono. Ngakhale nyengo ya makuponi ikatha, miyendo ya anthu inali itazolowera njira. Ankabwerabe kudzagayitsa, kudzagula mchere ndi sopo, kudzasoketsa yunifolomu za ana, ndipo asanabwerere ankakhala pabenchi lathu kumwa tiyi.

Kenako depoti ija inasamutsidwira kumsika wina wa kumsewu wa phula. Akuti malole ankatitimira m'matope a kwathu, ndipo zimenezo zinali zoona. Koma anthu anatsatira feteleza, ndipo atazolowera njira yatsopanoyo anayamba kugayitsa ndi kugula mchere komweko. Magolosale awiri anatsekedwa. Pakhonde la depoti pankagona mbuzi. Magalimoto a alendo opita ku Lifupa, m'paki muja, kukaona njovu ankadutsa monga kale, osachepetsa liwiro, n'kutisiyira fumbi pamatebulo. Ntchito yanga yaikulu ndikaweruka kusukulu inasanduka yopukuta fumbi la anthu amene sanaime.

M'mawa wina wa Juni, kukuzizira, amayi anavundukula dengu n'kupeza masikono a dzana akadali momwemo. Anabwezerapo nsalu pang'onopang'ono.

"Mwanangu, ndapirira mokwanira," anatero. "Okutobala akatipeza zinthu zili chomwechi, titseka. Tibwerera kwathu ku Kapelula tikalime. Munda wa malemu agogo ako ukungogona."

"Nanga sukulu, amayi?"

"Tikaona komweko."

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Mudzi wathu kumeneko uli kutali ndi sekondale, ndipo pakati pali dambo limene limadzaza mvula ikagwa. Ana a amayi aang'ono, amene amakhala komweko, onse analekezera Sitandade 8, osati chifukwa cha ulesi. Tsiku limenelo m'kope ndinalemba mzere umodzi wokha: "Ndatsala ndi miyezi inayi ya sukulu."

Amene sanafune kuti malo athu afe mwakachetechete anali atelala. Anali bambo wamfupi, wa tepi m'khosi ndi chipewa chimene sankachivula ngakhale akusoka, ndipo ankakonda misonkhano kuposa makina awo. Anaitanitsa onse otsala pakhonde la shopu yawo. Ine anandiitana kuti ndizilemba zogwirizana, poti zilembo zanga zinkawerengeka bwino.

"Depoti yapita, yapita," anatero atelala. "Koma msewu sunapite. Alendo akudutsa pano tsiku ndi tsiku. Anthu a m'midzi akupalasa njinga mtunda wonsewo kukagula tomato wolimidwa m'madimba a konkuno. Tiwapatse chifukwa choimira pano."

Anagwirizana kuti Loweruka lililonse pazikhala msika, pamalo pasesedwe, makoma apakidwe laimu. Koma chachikulu chinali kumanga shedi, kuti amayi ogulitsa masamba ndi tomato, amene ankakhala padzuwa m'mbali mwa msewu, apeze mthunzi, ndiponso kuti wodutsa aone kuti pano pali msika.

"Amanga ndani?" anafunsa wokonza njinga.

Onse anangotembenukira kwa amalume.

Amalume ndi achimwene awo a amayi anga. Anakwatira m'mudzi wina wapafupi ndi kamsika kathu, ndipo ankalima fodya wa bale. Dera lonselo ankadziwika ndi kumanga zigafa, zisakasa zazitali za udzu zopanda makoma zimene alimi amaumitsiramo fodya. Chigafa cha amalume sichinkagwa ndi mphepo, sichinkadontha, ndipo fodya wa mmenemo ankauma mofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Iwo anadzikanda m'mutu ngati akukana, koma nkhope yawo inali itavomera kale.

Mitengo inali yosowa, fodya anaidya kalekale. Ndiye alimi anagwirizana kuti aliyense azule mphanda zingapo pachigafa chake chakale, popeza fodya wa chaka chimenecho anali atadindidwa kale m'mabelo. Ngolo zinabweretsa mphanda, mitanda ndi mikangala, timitengo towongoka topachikapo fodya. Amayi a m'midzi anamweta udzu. Amayi anga ndi anzawo anali kalikiliki ndi thobwa la omanga, kutunga madzi ndi kupaka laimu. Tinapaka ngakhale magolosale otsekedwa aja, chifukwa atelala anati dzino limodzi lakuda limaononga kumwetulira konse.

Ndikaweruka ndinkathamanga kuti ndikaone amalume akugwira ntchito. Tsiku loyamba anatapa fumbi m'manja n'kuliwaza m'mwamba, n'kuyang'ana kumene likupita.

"Mphepo ikuchokera uku," anatero, akuloza kum'mawa. "Ndiye tiyika chonchi, kuti izilowa mbali iyi n'kutulukira mbali iyo."

Amuna onse anagwedeza mitu kuvomera. Mayenje a mphanda anawayeza ndi mkangala: mkangala umodzi, dzenje, mkangala wina, dzenje. Denga analitsitsa mbali zonse ziwiri mpaka udzu kufika pachifuwa cha munthu wamkulu, kuti mvula ya mphepo isamalowe. Palibe amene anafunsa kanthu. Omanga onse anali alimi a fodya, ana a alimi a fodya, ndipo m'maso mwawo chinthu chomangidwa bwino chimaoneka choncho. Nanenso sindinaone cholakwika. Udzu unali wosalala ngati wachita kupesedwa. M'kope ndinalemba kuti shedi yathu yaposa ya kuboma, ngakhale kuti ya kubomayo ndinali nditaiona kamodzi kokha, ndili pamwamba pa lole.

Chikwangwani ndinalemba ndine, ndi penti yotsala ya atelala: MSIKA WA LOWERUKA, TAKULANDIRANI. Amalume anachikhomera pamtanda wa m'kati, pansi pa denga, kuti chisasuluke ndi dzuwa.

Loweruka loyamba la Ogasiti tinalawirira kusesa. Amayi anakazinga mandasi odzaza beseni, atelala anavala jekete. Oyamba kufika ndi katundu anali amayi ena aatali ochokera cha ku Chisemphere, amene anakwatiwa kwathu kuno ndipo anali ndi dimba lalikulu. Tonse tinkangowatchula kuti amayi a tomato. Chichewa chawo chinkatuluka chosakanikirana ndi Chitumbuka, makamaka akafuna kuseka munthu. Anabwera ndi beseni lodzaza pamutu, mtolo wa mpiru m'manja, n'kuima kutsogolo kwa shedi. Anayenda m'litali mwake monse mpaka kumapeto, n'kubwerera.

"Adada," anatero kwa amalume, "kasi polowera ndi pati?"

"Paliponse, mayi. Simukuona kuti palibe khoma?"

"Nkhunena polowera munthu. Polowera mbuzi ndapaona."

Anthu anaseka, amalume nawonso anaseka pang'ono. Amayi a tomato anagwada, amayi anga n'kuwatula beseni, iwo n'kulowa chowerama. M'katimo anapeza vuto lina. Mphanda zinali zothithikana moti munthu akayala thumba n'kuunjika tomato, wogula ankasowa poima. Mitanda inali pamsinkhu wa chipumi. Atelala analowa mwaulemu wonse kuti akatsegulire msika ndi mawu ochepa, mtanda n'kuwavula chipewa, ndipo tsiku limenelo tinadziwa kuti ali ndi dazi.

Dzuwa litakwera, mphepo ya Ogasiti inayamba ntchito imene amalume anaikonzera. Inkalowa mbali iyi n'kutulukira mbali iyo, youma, yafumbi. Amayi ogulitsa ankawaza madzi pamasamba, koma posakhalitsa mpiru ndi chainizi zinali zitafota, zitalendewera ngati makutu a mbuzi.

"Adada, mwamanga makora chomene," anatero amayi a tomato, atakweza mtolo wa mpiru kuti onse aone. "Masiku atatu muno, ameneyu mukamudinde mupite naye ku okushoni."

"Giredi yabwino ameneyo," anawonjezera wokonza njinga. "Mtundu wake wayamba kale kubwera."

Ogula anali ochepa. Anthu a panjinga ankadutsa pamsewu, kuyang'ana, n'kupitirira. Pambuyo pake tinamva kuti ambiri ankaganiza kuti kalabu ina ya alimi yalawirira kumanga chigafa chake.

Cha kumasana galimoto yoyera inadutsa, kenako inaima patsogolo pang'ono n'kubwerera chafutambuyo. Atelala anakonza jekete. Munatuluka bambo ena onenepa, akazi awo ndi ana awiri. Anali ochokera ku Lilongwe, pa ulendo wa ku Lifupa. Bambowo sanayang'ane aliyense wa ife, maso awo anali padenga. Anagwira mphanda imodzi n'kuyesa kuigwedeza, koma osagwedezeka.

"Bwerani kuno muone," anaitana ana awo. "Ichi ndiye chigafa. Agogo anu ankamanga chonchi, ine ndikuwapatsira luzi. Sukulu yanga yonse inatuluka m'chinthu ngati ichi." Kenako anatembenukira kwa ife. "Pepani, ndaiwala ndi moni womwe. Muli bwanji nonse? Mmisiri wake ndani? Papita zaka ndisanaone chomangidwa bwino chonchi."

Amalume anatsogoza phazi limodzi, kenako n'kulibweza.

"Bwana," anatero atelala motsitsa mawu, "uwu ndi msika."

Bambo aja anawerama n'kusuzumira m'kati. Anaona amayi atakhala pakati pa mphanda ndi milu yawo ya tomato, onse akuwayang'ana, ndi chikwangwani changa pamwamba pawo chikunena kuti takulandirani. Anaseka mpaka kugwira m'mawondo, akupepesa uku akusekabe. Akazi awo anawamenya pang'ono ndi kachikwama, koma nawonso milomo inkawanjenjemera.

Anali anthu abwino. Mayiwo anagula tomato ndi nthochi, ana anadya mandasi, ndipo onse anakhala pabenchi lathu kumwa tiyi. Kanali koyamba kuti mlendo wa pagalimoto amwere m'kapu yathu. Pochoka mayiwo anauza amayi anga kuti, "Tiyi wanu ndi wabwino, koma tikanadutsa. Kumsewu kuja sikuoneka munthu kapena tomato, ndi udzu wokhawokha."

Titacheuka kuti tione amalume, njinga yawo panalibe.

Sabata yonse sanabwere. Loweruka lotsatira amayi a masamba anabwerera padzuwa m'mbali mwa msewu, ndipo mbuzi za kudepoti zinasamukira m'shedi. Ndinamva amayi anga akupempha dalaivala wa matola kuti awabweretsere makatoni olongedzeramo katundu kuchokera kuboma. Nthabwala za chigafa zinali pakamwa pa aliyense. Ine ndinkaseka nawo, koma ndikalowa m'kachipinda ndinkawerenga masabata otsala.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza kudimba akuyendera malo okonzera nazale, kakhasu kali m'manja. Ndinagwada n'kuwapatsa moni.

"Akutuma kuti udzandiseke?" anafunsa, osandiyang'ana.

"Ayi amalume, ndabwera ndekha."

"Zaka zonsezi palibe anandisekapo pa ntchito ya manja anga. Lero ndasekedwa ndi munthu wa m'tauni, ana ake ali pomwepo."

"Koma anati papita zaka asanaone chomangidwa bwino chonchi."

"Anati chigafa."

Kenako ndinawauza za Okutobala, za ku Kapelula, za dambo. Ndinkaganiza kuti akudziwa, koma amayi anali asanawauze. Amalume anaika kakhasu pansi.

"Mlongo wanga ameneyu," anatero, "chiyambire ali mwana, minga ikamubaya amayenda nayo osanena." Anandiyang'ana. "Iwe sukulu ukuifuna?"

"Ndikuifuna, amalume."

"Teremu yatha unakhala nambala chani?"

"Folo."

"Atatu enawo ali ndi mitu iwiri iwiri?"

Iwo anapukuta manja pabuluku, n'kufunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Mayi wa tomato uja, akasenza beseni lake, amafika pati?"

Ndinati sindikudziwa. Amalume anapita patsinde la nsungwi m'mbali mwa dimba, n'kusankha imodzi yaitali yoti adzaidule m'mawa.

Lolemba ndikuchokera kusukulu ndinapeza anthu ataunjikana. Amayi a tomato anali ataima njo pakati pa bwalo, beseni lodzaza lili pamutu. Amalume anali ataimika nsungwi ija pambali pawo, atakwera pampando wa atelala kuti aike chizindikiro.

"Adada, mukundiyeza bokosi? Ine nichali wamoyo."

"Imani bwino, mayi. Mukafupika lero mudzagwadanso Loweruka."

"Muwonjezerepo. Nyengo ya maungu mulu umakwera."

Amalume anawonjezera mkono wathunthu n'kutema chizindikiro ndi mpeni. Kenako anachita chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita pa nkhani yomanga: anafunsa. Anafunsa amayi a masamba kuti munthu akayala katundu amafuna malo aakulu bwanji, wogula amaima pati, mphepo akuifuna kapena ayi. Amayiwo anayankha onse nthawi imodzi. Atelala anandiuza kuti ndizilemba, koma panalibe dzanja limene likanakwanitsa.

Mitengo yaitali inachokera kutchalitchi, kumene akulu a mpingo analola kuti tidule bulugama zingapo. Amalume anakana kugwetsa denga lawo. Anati udzu sunalakwe. Ndiye amuna a m'midzi itatu anabwera, aliyense ndi mtengo wake wa mphanda, n'kuima mondondozana pansi pa denga. Amalume ankadula luzi chigawo chimodzi, amuna n'kukankhira denga m'mwamba pamodzi akuimba, ena n'kuzula mphanda yaifupi n'kudzika yaitali. Anayamba ndi za pakati, kenako za mbali ya kumsewu. Ulendo uno amayi anga ndi anzawo sanakhale kumoto wa thobwa. Anaima kutsidya kwa msewu, pamene pamadutsa magalimoto, n'kumalamula.

"Kwezani, achimwene," ankatero amayi anga. "Ndikuona miyendo yokha ya atelala."

Amuna anakankha, denga n'kukwera.

"Kwezaninso. Chipewa sichinaoneke."

"Chipewa changa muchisiye," anayankha atelala ali m'kati. "Chazunzika mokwanira."

Ntchitoyo inatenga masiku atatu. Mphanda za m'kati ankazula imodzi n'kusiya imodzi, ndipo mitanda yotsika anaichotsa yonse. Mbali yochokera mphepo anaisiya yotsika n'kuitseka ndi mpanda wa udzu. Pomanga mpandawo amalume ankang'ung'udza kuti m'moyo wawo wonse sanatsekerepo mphepo panja, koma anaumanga wothina moti ngakhale fumbi linkasowa polowera. Mikangala anafuna kuibweza kwa eni ake, amayi a tomato n'kuwaletsa. Anati aimangirire m'mwamba kutsogolo, mbali ya kumsewu. Chikwangwani changa chinatuluka panja n'kukaima pamitengo iwiri pamene aliyense akanachiona.

Loweruka limenelo amayi a tomato anafikanso oyamba. Sanachepetse liwiro. Analowa ali chilili, beseni lili pamutu, n'kuyenda m'kati monse mpaka kumapeto. Atafika uko anatembenuka, kutuluka, n'kulowanso kachiwiri, ulendo uno akugwedeza chiuno pang'ono. Amayi anzawo analiza nthungululu. Amalume anali atawerama panjinga yawo ngati akuyang'ana tcheni, koma ndinaona kuti tchenicho chinalibe vuto.

"Yewo, adada," anatero amayiwo, akuwaikira tomato anayi akuluakulu pakeriyala. "Awa akwa mlamu kunyumba."

Pamikangala paja wina anapachika mikoko ya nthochi, wina madengu ndi malichero, atelala zitenje ndi madiresi a ana. Munthu ankaona mitundu ikuuluzika ali kutali, asanafike n'komwe pachigayo.

Ndikanakonda kulemba kuti kuyambira tsiku limenelo magalimoto onse opita ku Lifupa ankaima, koma kope langa likukana. Ena ankaima, ambiri ankadutsa. Loweruka lina sipanaime ngakhale imodzi. Amene anadzutsa msika wathu anali anthu a konkuno. Amayi a m'midzi anaona kuti tomato, usipa ndi mafuta zikupezeka pafupi, pamthunzi, n'kuleka kutuma amuna awo kuphula, kumene ankapita m'mawa n'kubwerako madzulo ataiwala chimene anawatuma. Dalaivala wa matola anayamba kuima yekha, chifukwa akapanda kutero okwera kumbuyo ankamenya denga la galimoto. Wogulitsa kaunjika anabwera ndi belo lake n'kuyala kumapeto kwa shedi. Wokazinga chipisi anatsatira. Bambo ena ogwira ntchito kukhitchini ku Lifupa anayamba kubwera panjinga yamoto kudzatenga masamba ndi mazira, ndipo amayi a tomato ankawasungira abwino pansi pa thumba. Golosale imodzi mwa zotsekedwa zija inatsegulidwanso.

Kwathu kutiyirumu, Loweruka benchi linkachepa, mpaka amalume anatikhomera lina. Ndinkatsuka makapu mpaka zala kuchita makwinya, ndipo sindikumbukira ntchito ina imene inandikomapo ngati imeneyo. Ngakhale masiku a m'kati mwa sabata anayamba kusintha, chifukwa amayi ena a masamba ankakhala m'shedi tsiku lililonse, ndipo pamene pali anthu pamabwera anthu. Koma amayi anga sankanena kanthu za ulendo, ine n'kumaopa kufunsa. Masiku ena, makamaka Lachiwiri ndi Lachitatu, masikono ankatsalabe, ndipo ndinkayang'ana nkhope yawo ndi m'mbali mwa diso.

Okutobala anafika ndi kutentha kwake. Loweruka lachiwiri la mweziwo, msika uli pakati, dalaivala wa matola analowa ndi kalata yochokera ku Kapelula, imene anamupatsira kuboma. Amayi anali ndi ketulo dzanja limodzi, sefa dzanja linalo.

"Werenga," anatero.

Inali ya amayi aang'ono. Pambuyo pa moni wautali ndi nkhani za odwala, ankafunsa kuti tifika liti. Anthu ayamba kusosa, anatero, ndipo m'mudzi akulemba mayina a olandira makuponi. Ngati tikubwera tifulumire kuti dzina la amayi lilowe nawo.

Ndinawerenga mpaka kumapeto. Pabenchi panali amalume, atelala ndi anthu ena awiri achilendo. Amalume ndi atelala anasiya kutafuna.

"Amayi a tiyi, kashuga kuno," anatero mmodzi wa alendowo, amene sankadziwa chilichonse.

Amayi anamuthirira shuga. Anapukuta tebulo pamene panatayikira. Kenako anatembenukira kwa dalaivala.

"Mubwerera nthawi yanji?"

"Ndikangomwa tiyi, mayi."

"Ndiye imwani pang'onopang'ono. Iwe, tenga pepala."

Ndinang'amba pepala la pakati pa kope la masamu. Amayi ankanena uku akuthira tiyi, ine ndikulemba nditatsamira pawindo.

"Uyambe ndi moni, ukudziwa kale. Unene kuti za odwalazo tamva, tikuwapempherera. Ndiye ulembe kuti munda alime okha, chaka chino ndi chamawa chomwe. Ife kuno sitichoka, mwana ali pasukulu." Anaima kaye. "Uwonjezere kuti akapeza mpata abwere Loweruka lina ndi mtedza wawo. Kuno ukuyenda malonda."

"Chamawa chokha?" anafunsa amalume. "Fomu 4 ndi chaka chinacho."

"Achimwene, kalata ndi yanga."

"Kalata ndi yanu, koma mwana ndi wathu."

Amayi anawayang'ana, kenako anayang'ana ine, pakamwa pawo pakuyamba kumasuka.

"Chabwino. Lemba kuti mpaka atalemba mayeso a Fomu 4."

Mawu amenewo ndinawalemba mosamala, chilembo chilichonse payekha, kuti asakawerengedwe molakwika. Ndinapinda pepala katatu n'kulipereka kwa dalaivala ndi manja awiri. Iye analiika m'thumba la malaya n'kumalizitsa tiyi wake.

"Waimiranji?" anatero amayi. "Makapu atha."

Ndinanyamula beseni la makapu kupita nalo kuseri, ndipo ndili mkati motsuka ndinamva galimoto ya matola ikulira, ikunyamuka.